Chitenjecho valani, koma mwanayo musamupanikize

Funso

Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimakhala ku Matero. Ndinachita maphunziro a ABA (Applied Behavior Analysis, njira yophunzitsira ndi kuwongola khalidwe) a maola 40 pa intaneti, kenako ndinalembedwa ntchito pa kasukulu kena kothandiza ana a autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu) kuno ku Lusaka. Amanditumiza kunyumba kwa mnyamata wa zaka 6 ku Woodlands, maola atatu patsiku, masiku anayi pa sabata. Amayi ake ndi munthu wabwino: amandipatsa nsima, nthawi zina amanditumizira ya basi pa Airtel Money, ndipo sabata yatha anandigulira chitenje. Pa maphunziro anatiuza kuti mphatso n'zoletsedwa, ndiye mtima wanga sukukhazikika. Kodi ndibweze? Chinanso, mwanayu salankhula, ndipo akatopa amamenyetsa mutu pa tebulo. Bambo ake akuti ndizimugwira manja mpaka amalize ntchito, komanso asamadye mpaka atatchula mawu. Wondiyang'anira ali kunja, papita miyezi iwiri tisanalankhulane. Abwana amafuna mavidiyo oika pa Facebook, ndipo tsiku lina nditadwala anati ndingodzaza pepala la deta, lolembapo zimene mwana wachita pa phunziro, kuti makolo asadandaule.

Yankho

Mng'ono wanga, chitenjecho musabweze. Kasoketseni, muvale. Pa zonse mwalembazi, chimene chikukusowetsani tulo ndicho chopepuka, ndipo ndichikamba kutsogoloku. Zimene mwangozitchula modutsa ndizo zandikhalitsa pansi: mwana akumenyetsa mutu pa tebulo, mukuuzidwa kuti mumupanikize ndi kumumana chakudya, ndipo munthu woyenera kukuuzani chochita watha miyezi iwiri ali zii.

Aliyense amene ndikumuyang'anira pa ntchito imeneyi ndimamufunsa kuti, kodi mumagwirira ntchito ndani? Ambiri amati makolo, poti ndiwo amalipira. Ena amati abwana, poti ndiwo amatulutsa malipiro mwezi ukatha. Onsewo ali ndi malo awo ndipo muziwapatsa ulemu. Koma mwini ntchito ndi kamnyamata kaja. Pa anthu onse a m'nkhani yanuyi, ndi iye yekha amene sangaimbe foni kukadandaula, sangakuchotseni ntchito, ndipo sangafotokozere amayi ake madzulo zimene zamuchitikira masana. Malamulo a khalidwe pa ntchito yathu analembedwera munthu wotereyu.

Ndipo analembedwa zinthu zitaipa kale. M'zaka za m'ma 1960, Ivar Lovaas wa pa yunivesite ya UCLA ku America, amene anatchukitsa njirayi pa ana a autism, ankagwiritsa ntchito makofi ngakhalenso magetsi pofuna kuletsa ana makhalidwe ena. Mu 1972 kunaphulika nkhani ya ku Sunland, malo a boma osungirako anthu a ulumali wa ubongo mu mzinda wa Miami ku Florida. Kumeneko anthu ankamenyedwa ndi thabwa, kutsukidwa m'kamwa ndi sopo, kumangidwa ndi kumanidwa chakudya, ochita zimenezo n'kumati akukonza khalidwe. Florida itaona izi inayamba kuika malamulo, kenako mayeso, kuti munthu asamangodzuka n'kudzitcha katswiri. M'menemo ndi mmene munachokera bungwe la BACB, lopereka masatifiketi a ntchito ya ABA, lokhazikitsidwa mu 1998, limene mu 2014 linayambitsa satifiketi ya RBT ya matekinishani, kutanthauza anthu ogwira ntchito ngati yanuyi. Buku lachiwiri la malamulo a RBT linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022. Mpaka lero kuli akuluakulu a autism amene anadutsa mu ABA ali ana, ndipo amaidzudzula poyera kuti inawaphunzitsa kugonja basi. Ine ndimawamvetsera, nanunso muziwamvetsera. Zimene akupempha bambo ajazi, kumugwira ndi kumumana chakudya, ndi zomwezo zimene ntchito yathu inalumbira kuti yazisiya.

Tiyeni tilowe m'seshoni yanu. Mwayala makadi atatu pa tebulo: kapu, supuni, nsapato. "Ndionetse kapu." Waloza, mwamuyamikira. Mwasintha malo a makadi, mwafunsanso. Pofika ulendo wa 12 mwana wayamba kung'ung'udza. Wa 14 watembenuzira nkhope kukhomo. Wa 15 wakankha khadi la nsapato, lagwa pansi. Inu mwatola, mwabwezera pamalo, poti pepala likufuna maulendo 20. Kenako gu! chipumi pa thabwa. Mwadzidzimuka, mwasonkhanitsa makadi msangamsanga, ntchito yathera pomwepo. Ndiye dzifunseni zimene mwanayo waphunzira m'mphindi zisanu zimenezo. Waphunzira kuti kung'ung'udza sikumveka, kutembenuka sikumveka, kukankha khadi sikumveka, koma mutu ukagunda tebulo akuluakulu amamva nthawi yomweyo. Mawa sadzavutikanso ndi kung'ung'udza, adzangoyambira pa mutu.

Phata la ABA yeniyeni ndi limeneli: khalidwe lililonse lobwerezabwereza lili ndi chimene likumupezetsa mwiniwake. Kawirikawiri n'chimodzi mwa zinayi, kuthawa chinthu chovuta kapena chotopetsa, kufuna kuti wina amusamale, kufuna chinthu monga foni kapena chakudya, kapena kumva kenakake m'thupi mwake momwe. Brian Iwata ndi anzake anaonetsa mu 1982 momwe izi zingayesedwere pa ana odzivulaza. Mu 1985 Edward Carr ndi Mark Durand anaonetsa kuti mwana ukamuphunzitsa njira yosavuta yopemphera chomwe akufunacho, khalidwe lovutalo limachepa. Kwa mnyamata wanuyu njirayo ikhoza kukhala khadi la "ndipume", kapena chizindikiro cha dzanja, choti akangochionetsa ntchito iziima kaye. Ndati "ikhoza" mwadala, chifukwa mwina si kutopa ayi. Mwana wosalankhula akayamba kumenyetsa mutu, ulendo woyamba ndi wa kuchipatala: khutu, dzino lobowoka, kudzimbidwa, kapena mutu weniweniwo. Alipo ana amene anatchedwa amwano pamene vuto linali dzino.

Kupeza chifukwa ndi kulemba pulani si ntchito yanu, ndi ya wokuyang'anirani. Yanu ndi kumuonera zimene iye sakuona. Lembani nthawi, chimene chinachitika mutu usanagunde, anagunda kangati, ndi chimene chinatsatira. Lembani zooneka ndi maso, osati za m'mutu mwanu. "Anakwiya" si deta. "10:20, ulendo wa 15, anakankha khadi, anagunda chipumi katatu, ndinachotsa makadi" ndiyo deta.

Nanga kumugwira manja? Iyayi. Lamulo la RBT likunena mosapsatira kuti njira yolanga kapena yopanikiza munthu isagwiritsidwe ntchito pokhapokha italembedwa mu pulani, ndiponso woyang'anira atatsimikiza kuti mwaphunzitsidwa kuichita. Bambo a mwana ndi eni nyumba, koma si okuyang'anirani pa ntchitoyi. Ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, taganizani nokha: mukamugwira manja, mutu udakali womasuka, mano nawonso. Mwamutsekera pothawira osamutsegulira pena, ndiye adzalimbana nanu mwamphamvu kuposa kale. Lero ali ndi zaka 6, mungamugonjetse. Akadzafika zaka 14 adzamugwira ndani? Koma chondiopsa kwambiri ndi china. Mwana amene akuphunzitsidwa tsiku ndi tsiku kuti wamkulu akagwira thupi lake palibe kukana, sadzakananso tsiku limene womugwirayo adzakhale munthu woipa. Ana a ulumali amachitiridwa nkhanza kuposa anzawo, ndipo ambiri satha kuulula. Kukana kwa mwana ameneyu, ngakhale kukhale kwa kukankha khadi, n'koyenera kukuwongola kuti kumveke bwino, osati kukuthyola.

Kuteteza n'kosiyana ndi kupanikiza. Akayamba kugunda, lowetsani pilo kapena chikhatho chanu pakati pa chipumi ndi thabwa, sunthani tebulo, chepetsani mawu. Akatupa kapena kutuluka magazi, auzeni makolo tsiku lomwelo ndipo mulembe. Komanso musamadikire mutu. Akangotembenuzira nkhope kukhomo, mupumitseni; maulendo 20 aja si malamulo khumi a Mose.

Za chakudya sindichedwapo. Nsima si mphotho. Madzi, chimbudzi, tulo ndi chakudya cha nthawi yake ndi zake za mwanayo, walankhula kaya sanalankhule. Kabisiketi kapadera kangagwiritsidwe ntchito pomulimbikitsa ngati pulani ikutero, ngakhale ine ndimakonda thovu la sopo, kumugirigisha kapena kanyimbo, zosawononga mano. Koma kumumana nkhomaliro kuti njala imutulutse mawu ndi nkhanza, makamaka poti ana ambiri a autism amadya kale mosankha kwambiri. Apa sitikukambanso za malamulo a ku America. Children's Code Act ya 2022 kuno kwathu imaletsa kulanga mwana pomupweteka thupi, ndipo imamuteteza ku nkhanza. Mukadzaona mikwingwirima, zipsera za moto kapena mwana womangidwa ndi chingwe, kusunga chinsinsi cha banja kumathera pomwepo. Dziwitsani wokuyang'anirani tsiku lomwelo, imbani 116, nambala yaulere ya Childline, kapena pitani ku Victim Support Unit pa polisi.

Bambowo musawaone ngati chilombo. Akulipira ndalama zambiri, achibale akuwanena, iwo anakula ndi mkwapulo ndipo akuona kuti anakula bwinobwino. Akulakalaka kumva mwana wawo akuti "atate". Mukawayankha ndi malamulo a Chingerezi pamaso pa akazi awo, mawa mupeza geti lotseka, mwana n'kugwera m'manja mwa wina amene avomere kumugwira. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Pemphani mayi akonze nthawi yoti mukhale pansi nonse atatu mwana ali kwina, ndipo munene motere: "Atate, nanenso ndikufunitsitsa alankhule. Koma ine sindiloledwa kusintha pulani pandekha, ndipo kumugwirako kungachititse kuti azidzivulaza kwambiri. Ndiloleni ndilembe zimene zikuchitika sabata ino, ndiitane wondiyang'anira, tikambirane nonse." Mawu akhale ofewa choncho, koma akakakamizabe, manja a mwanayo musawagwire.

Pamene pagona nkhani ndi pa woyang'anira wosowayo. Ntchito ya tekinishani inapangidwa kuti isamayende yokha. Katswiri amayeza mwana, amalemba pulani, amawerenga deta n'kusintha pofunika kusintha. Tekinishani amachita zolembedwazo n'kubweza lipoti. BACB imati woyang'anira azipereka nthawi yosachepera 5 peresenti ya maola amene tekinishani wagwira pa mwezi, azionana naye kawiri pa mwezi, ndipo ulendo umodzi azimuona ndi maso akugwira ntchito ndi mwana. Kuonana pa vidiyo ya pompopompo n'kololedwa, ndiye kukhala ku Johannesburg kapena ku London si chifukwa. Inu mukugwira maola 48 pa mwezi ndi mwana ameneyu; gawo la woyang'anira pamenepo silikwana n'komwe maola awiri ndi theka. Magetsi amathima, mabandulo amatha, tonse tikudziwa, koma miyezi iwiri yathunthu? Pulani imene mukutsatirayo inalembedwera mwana wa miyezi iwiri yapitayo, amene mwina anali asanayambe kumenyetsa mutu.

Mulembereni lero, musangoimba foni, kuti pakhale umboni. Nenani kuti mwana akudzivulaza, kangati pa sabata, kuti makolo apempha njira imene mulibe mu pulani, ndiponso kuti mukufuna aone seshoni sabata ino. Dzina lonse la mwana musalembe, malembo oyamba akwanira. Abwana nawonso alandire uthenga womwewo.

Pali china chimene ambiri pa Lusaka pano sachidziwa, kapena amachidziwa koma n'kuchibisa. Maphunziro a maola 40 samusandutsa munthu RBT. Ndi khomo loyamba chabe: pamafunikanso kuyesedwa pa ntchito ndi katswiri, kufufuzidwa ngati ulibe mlandu, ndi kukhoza mayeso. Ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2023, BACB inasiya kulandira ofuna satifiketi okhala m'mayiko ambiri, Zambia ali momwemo. Ndiye abwana akamalemba kuti ali ndi ma RBT, kapena makolo akamakutchani adokotala inu n'kungomwetulira, pali bodza limene likuyenda. Nenani chimene muli: ndinaphunzira maola 40, ndimagwira ntchito pansi pa katswiri wakuti. Ngati mukufuna satifiketi yotheka muli kuno, fufuzani ya IBT ya bungwe la IBAO kapena ya ABAT ya bungwe la QABA. Nazonso zimafuna woyang'anira. BACB ilibe mphamvu yokulangani inu, koma malamulo ake ndi muyezo wabwino, ndipo mwana wa ku Woodlands sayenera chisamaliro chotsika kuposa wa ku Texas. Kunena kuti mwana ali ndi autism kapena ayi ndi ntchito ya madokotala, monga a ana a ku chipatala chachikulu cha UTH. Mayi wa pafupi akakubweretserani wake kuti "mumuoneko", atumizeni kumeneko. Za mankhwala, zakudya zosala ndi mavitamini a pa WhatsApp, pakamwa panu pakhale potseka.

Pepala la deta lija, ngati munadzaza, kalikonzeni: lembani kuti tsiku limenelo seshoni sinachitike, ndipo uzani wokuyang'anirani. Ngati simunadzaze, mwachita bwino. Ena amaona ngati ndi kabodza kakang'ono kosapha munthu. Koma manambala amenewo ndi amene katswiri amajambulira girafu, ndipo girafu ndiyo imamuuza kuti phunziro ili mwana walidziwa, tipite patsogolo. Mukamulembera 18 pa 20 tsiku limene munali gone ndi malungo, amukwezera ntchito imene sanaikonzekere, ikamulemera, mutu n'kubwerera pa tebulo. Kuonjezera apo, makolo alipira maola atatu amene sanaperekedwe. Kumeneko n'kuba, ndipo pa pepalapo pali dzanja lanu, osati la abwana. Zikadzaululika, iwo adzati mtsikanayu ndi amene analemba.

Za Facebook, lamulo la RBT limaletseratu tekinishani kuika chithunzi, vidiyo kapena nkhani yozindikiritsa mwana pa masamba a mchezo. Nayonso Data Protection Act ya 2021 kuno kwathu imaika za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofuna chitetezo chapadera, ndipo za mwana zimafuna chilolezo cha kholo. Abwana akafuna kutsatsa kasukulu kawo, akapemphe okha chilolezo cholembedwa kwa makolo, chonena poyera kumene vidiyoyo ikupita, ndipo makolo adziwe kuti akakana mwana sachotsedwa. Ngakhale makolo atasayina, ine vidiyo ya mwana akulira, akudzimenya kapena akuphunzira kupita kuchimbudzi sindingaivomereze. Chilolezo n'cha kholo, koma nkhope ndi ya mwana, ndipo intaneti siiwala. Tikudziwanso malilime a anthu athu. Banja likakhala ndi nyumba ya mpanda ndi galimoto, mwana n'kukhala wosalankhula, sipalephera wina wonong'ona kuti anamukhwimira kuti alemere. Vidiyo imodzi ikwanira kuti miseche imeneyo ifike kutchalitchi kwawo ndi kumudzi komwe.

Chinsinsi sichitayikira pa Facebook pokha. Chimatayikira mu basi pa Kulima Tower mukamafotokozera mnzanu pa foni, dzina la mwana ndi msewu wa kwawo zonse zili pakamwa. Chimatayikira ku saluni, ndi pa sitetasi ya WhatsApp yoti "kasitomala wanga wokondedwa". Mavidiyo otumiza kwa woyang'anira ajambulidwe makolo atalola, foni ikhale ndi pasiwedi, ndipo akaonedwa muwafufute. Mukakumana ndi banjali ku Manda Hill ali ndi alendo, dikirani ayambe ndiwo kukupatsani moni. Mwina alendowo sadziwa. Ndipo m'nyumbamo chitseko cha chipinda chophunzirira chizikhala chotsegula, munthu wamkulu wina ali pafupi. Izi zimateteza mwana, zimatetezanso inu tsiku limene adzapezeke ndi chotupa pachipumi.

Tsopano chitenje chija. Amene anakuphunzitsani anadula nkhani pakati. Lamulo la RBT silinena kuti mphatso iliyonse ndi yoletsedwa. Limati musalandire kapena kupereka mphatso yopitirira madola 10 a ku America, kapena ndalama ya kwanu yogula zofanana nazo, ndipo kamphatso ka apo ndi apo kongothokoza kalibe mlandu, bola kasasanduke malipiro achiwiri amene mukuwayembekezera. Chitenje wamba cha ku Kamwala sichindidetsa nkhawa. Kubweza nsalu kwa mayi amene anaima mu shopu n'kukusankhirani ndi chipongwe chimene sadzaiwala, ndipo ubale wanu ukazizira wovutika ndi mwana yemweyo. Thokozani, muuzeni wokuyang'anirani kuti mwalandira, kenako tsiku lina muwauze mayiwo mwaulemu kuti ntchito siyikulolani kulandira pafupipafupi.

Nsima nayonso chimodzimodzi. Kwathu kuno munthu ukapeza anthu akudya umasamba m'manja. Kukana tsiku ndi tsiku kumaoneka ngati ukunyansidwa nawo kapena ukuwakayikira. Idyani pakafunika kutero, kungoti musakonze seshoni kuti izigwera pa nkhomaliro. M'banjamo mukagwa maliro, pitani mukapepese. Palibe buku la BACB lolembedwa ku Colorado limene lingandiletse kukakhala pa siwa ya agogo a mwana amene ndimamuona masiku anayi pa sabata.

Imene ndikuikayikira ndi ndalama ya pa Airtel Money. Ndalama yobwera mwakachetechete imamanga pakamwa. Tsiku limene mudzafune kuwauza mayiwo kuti mwana sakupita patsogolo, kapena kuti zimene akupempha amuna awo n'zolakwika, mudzakumbukira ma K50 aja, lilime n'kulemera. Ndikudziwa kuti kuchokera ku Matero kukafika ku Woodlands ndi mabasi awiri, kupita ndi kubwera anayi, ndipo malipiro a ntchitoyi ndi ochepa. Ndiye ya basiyo ilembedwe m'pangano, idutse kwa abwana, aliyense aidziwe. Zotsatira zake za ubwenzi woterewu muzikane zisanabwere: kulowa chilimba ndi mayiwo, kuwabwereka ndalama lendi ikavuta, kuwagulitsa mafuta odzola, kukhala mu komiti ya kitchen party ya mng'ono wawo, kutsala ndi mwana Loweruka iwo akupita ku ukwati. Chilichonse mwa izi chimakupatsani udindo wachiwiri m'nyumbamo, ndipo maudindo awiri akakangana, umene umagonja ndi wa mwana. Za chibwenzi ndi wina wa m'banjamo sindikuyembekeza kuti zingakufikeni m'maganizo, koma lamulo limaletsa, ndipo ngakhale ntchito itatha limati padutse zaka ziwiri.

Ziwiri simunafunse, koma zibwera. Tsiku lina agogo adzafika kuchokera ku Katete kapena ku Chadiza n'kunena kuti mwanayu analodzedwa, apite kwa sing'anga kapena kwa mneneri. Musatsutsane nawo za chikhulupiriro, si munda wanu, ndipo kupemphera sikulimbana ndi makadi. Mulankhule pokhapokha thupi la mwana likakhudzidwa, monga kumusalitsa kudya, kumumanga, kumutema mphini, kapena kumusiyitsa mankhwala a khunyu ngati amamwa. Chachiwiri ndi zolinga za mu pulani. Mapulani ambiri okopera kunja amayamba ndi kukakamiza mwana kuyang'ana munthu m'maso. Kwathu kuno mwana wolunjika wamkulu m'maso timati alibe mwambo, ndiye tikumuvutitsiranji? Kugwedeza manja akasangalala kukupweteka ndani? Pulani simungaisinthe nokha, koma kufunsa wokuyang'anirani kuti phunziro ili likumuthandiza chiyani mwanayu pa moyo wake ndi udindo wanu. Kupempha madzi, kunena kuti pakupweteka, kudzithandiza kuchimbudzi, kuima akamva "ima" pafupi ndi msewu, izi ndizo zoyamba.

Ntchito pa Lusaka n'zosowa, ndipo sindikuuzani kuti muponye makiyi mawa m'mawa. Koma dziikireni malire. Pakatha masabata awiri woyang'anira osayankha, abwana osapeza wina, makolo ali ndi ufulu wodziwa kuti pulani ya mwana wawo palibe katswiri amene akuiona, ndipo wowauza ndinu ngati abwana akana kutero. Pa nthawi yodikirayi musayambitse phunziro latsopano lililonse. Bwerezani zimene mwana akuzidziwa kale, sewerani naye, mutetezeni, lembani. Abwana akapitiriza kufuna deta yabodza, yambani kufunafuna kwina, mauthenga onse mutasunga. Pochoka perekani notisi monga mwa pangano, musangosowa, chifukwa ana a autism kusintha kwadzidzidzi kumawasokoneza kwambiri. Wobwera pambuyo panu mumusiyire mapepala onse a deta, ndi tsamba limodzi lofotokoza zimene mwanayu amakonda, zimene zimamuopsa, zizindikiro zimene amaonetsa asanagunde mutu, ndi tsiku limene khutu ndi mano ake zinaonedwa kuchipatala.